Funsani Aphunzitsi: feteleza wowotcha maluwa, thanzi ya mwana ndi jakisoni wa shuga

Mafunso a mwezi uno ochokera kwa a Malawi okhala kuno ku Joni abwera ambiri pa WhatsApp. Aja a mapepala ndi ma permit ndawapatsira anzanga odziwa malamulo, ine zanga ndi sayansi basi. Ndasankhapo asanu.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni. Mwezi wa Ogasiti madamu anagula feteleza uja wa timibulu toyera kuti ndithire kapinga ndi maluwa, nde ine pofuna zikongole msanga ndinathira wambiri ndithu, manja awiri pa tsinde lililonse. Pasanathe sabata masamba anafota, kapinga kuchita zigamba zofiira ngati wapsa ndi moto chonsecho dzuwa silinali lotentha. Madamu akuti ndinathira poizoni. Chakudya cha mbewu chingaphe bwanji mbewu? Kapena feteleza wa kuno ndi wina? Wa m'gadeni, Randburg

YANKHO: Achimwene, feteleza ndi yemweyo, wa kuno ndi wa kumudzi sasiyana, ndipo mukakumbukira bwino alangizi aja ankati pothira feteleza osagunditsa phesi la chimanga, boolani kadzenje pambali. Chifukwa chake ndi chomwe chakuonekeranichi.

Duwa, kapinga, inuyo ndi ine tonse tinapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo selo lililonse linakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, membuleni. Kupyapyala kwake, mutasanjikiza tizikopa 10,000 mpamene mungafike pa kukhuthala kwa pepala limodzi. Kachikopaka ndi ka mafuta, mizere iwiri ya timafuta tomwe mitu yake imakonda madzi koma michira yake imadana nawo, nde mitu imayang'ana kunja ndi mkati komwe kuli madzi, michira nkubisala pakati. M'mafutamo mwamera mapuloteni apa ndi apo, ndipo sanakhazikike malo amodzi, amayandama. Anafotokoza bwino kapangidwe kameneka ndi asayansi awiri, Singer ndi Nicolson, mu 1972. Inu mumalowa ma complex a ku Randburg tsiku ndi tsiku, ndiye ganizani mpanda ndi mageti: mafuta aja ndi mpanda, mapuloteni ndi mageti okhala ndi alonda, ndipo geti lililonse lili ndi omwe limawadziwa. Mpweya umadutsa pa mpanda penipenipo osafunsa munthu. Madzi amadutsa mosavuta, ali ndi timageti tawotawo. Koma mchere ndi shuga ayi, popanda geti lawo amangoima panja.

Tsono poti madzi amayenda momasuka pomwe mchere watsekeredwa, madzi ndi amene amasamuka, amachoka mbali yomwe zosungunuka ndi zochepa kupita mbali yomwe zachuluka. Kusukulu amati osmosis. Masiku onse mkati mwa maselo a muzu mumakhala zosungunuka zambiri kuposa m'dothi, nchifukwa chake muzu umamwa. Inu mutathira manja awiri aja pa dothi louma la Ogasiti, kuno mvula isanayambe, kachinyezi kochepa kamene kanalipo kanasungunula feteleza nkukhala kokhathamira kuposa mkati mwa muzu, basi madzi anatembenuka, kuyamba kutuluka m'mizu kupita m'dothi. Maluwa aja anafa ndi ludzu ali chiimire pa chakudya.

Chotsani timibulu tomwe tikuonekabe pamwamba, kenako thirirani kwambiri masiku angapo otsatizana, madzi olowa pansi osati ongowaza, kuti akokolole feteleza wotsalayo. Kapinga nthawi zambiri amaphukiranso, maluwa omwe anaumiratu aja nde apita. Ulendo wina tsatani muyezo wolembedwa pa thumba, mwazani motalikitsa, thirirani pompo. Madamu akapanda kukhulupirira, duladulani kabichi, muwaze mchere, musiye mu mbale kwa theka la ola muwaonetse madzi omwe atuluka. Biltong yomwe amadya ija sivunda pa chifukwa chomwechi, mchere ndi kuumitsa zimalanda madzi tizilombo toolesa nyama, chimodzimodzi nsomba zathu zothira mchere.

FUNSO: Aphunzitsi zikomo chifukwa cha tsamba lanu. Mwana wanga wa chaka ndi miyezi itatu anatsegula m'mimba usiku wonse, kumudzi tikanathamangira Thanzi koma kuno sindinadziwe kuti ndikafunse chani pa shopu. Neba wanga anati ndimupatse Coke woti wathawa gasi, apongozi pa foni akuti liwombo lalowa ndipeze wodziwa mankhwala omata pamutu. Ku kiliniki anandiuza madzi a shuga ndi mchere. Nde funso langa, mchere si umene umaumitsa munthu? Bwanji osangomupatsa madzi okhaokha, nanga shuga akudzatani? Mayi wa ana awiri, Rosettenville

YANKHO: Mayi, pa anthu atatu amene anakulangizaniwo mverani a ku kiliniki, ndipo funso lanuli ndikhalapo nthawi chifukwa ndi limene lingapulumutse mwana wa wina.

Tiyambe ndi liwombo. Apongozi anaona zoona, liwombo limalowadi, koma si matenda a pamutu. Ndi chizindikiro choti madzi atha m'thupi, limodzi ndi maso kulowa, kulira kopanda misozi, thewera kukhala louma nthawi yaitali, ndi khungu la pamimba loti mukatsina silibwerera msanga. Chomata pamutu sichibweza madzi olo dontho, chimangodya nthawi.

Tsopano mchere. Mwana akamatsegula sataya madzi okha, amataya ndi mchere womwe, sodiyamu ndi potaziyamu, ndipo thupi silisunga madzi popanda mcherewo. Mukamupatsa madzi okhaokha ambiri mumasungunula kamchere kotsala m'magazi, mwana nkufookeratu. Koma vuto ndi lakuti mchere suli ngati mpweya, sudutsa wokha pa kachikopa ka maselo a m'matumbo, umafuna geti, ndipo pamenepa mpamene shuga akubwerapo. M'matumbo aang'ono muli puloteni ina yomwe simalola sodiyamu kulowa yekha komanso simalola gulukosi, womwe ndi mtundu wa shuga, kulowa yekha, imatsegula pokhapokha abwere limodzi. Akalowa awiriwo, madzi amawatsatira mwa osmosis ija ndafotokozera achimwene a ku Randburg. Ndiye shuga wa m'madziwo si wokometsera kuti mwana amwe ayi, ndi amene amalowetsa mchere, mchere nkukoka madzi.

Mwina mufunsa kuti nanga sodiyamu amafuniranji kulowa. Nchifukwa mbali ina ya selo lomwelo kuli pampu yomwe imagwira ntchito usana ndi usiku, kutulutsa sodiyamu atatu ndi kulowetsa potaziyamu awiri ulendo uliwonse, ndipo imachita kulipira mphamvu chifukwa ikukankhira zinthu komwe zachuluka kale. Ichi ndiye chomwe ana a sukulu amaloweza kuti active transport. Pampu imeneyi ili m'maselo pafupifupi onse a thupi, imadya gawo lalikulu ndithu la mphamvu ya nsima yomwe timadya olo titangogona, ndipo anaitulukira Jens Skou wa ku Denmark mu 1957 pofufuza mitsempha ya nkhanu, zoona nkhanu, mpaka anadzalandira nazo Nobel mu 1997. Poti pampu ikungotulutsa, mkati mwa selo sodiyamu amakhala wochepa nthawi zonse, nde wa m'matumbo uja amakhala akufuna kulowa, gulukosi nkukwera nawo ulere.

Za kulowera limodzi kwa sodiyamu ndi gulukosi anazifotokoza Robert Crane mu 1960, koma poyera zinaonekera mu 1971 pa nkhondo ya ku Bangladesh, kolera atabuka m'misasa ya othawa kwawo. Madiripi anatha, dokotala wina wa ku India, Dilip Mahalanabis, anayamba kusungunula shuga ndi mchere m'migolo kumamwetsa odwala, achibale omwe ndi amene ankamwetsa, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 kufika pochepera 4. Poizoni wa kolera amachititsa maselo a m'matumbo kukhuthulira mchere kunja, madzi nkumatsatira mpaka munthu kuuma m'maola ochepa, koma geti la shuga ndi mchere lija saligwira, limagwirabe ntchito. Ife za kolera sitichita kumva kwa ena, mu 2022 ndi 2023 anatenga anthu opitirira 1,700 kwathu ku Malawi, ndipo konkuno anapha anthu ku Hammanskraal mu 2023.

Koma muyezo mayi, muyezo. Apa mpamene Coke wa aneba akugwera. Zakumwa zimenezi shuga ndi wochuluka zedi pomwe mchere mulibe kwenikweni, nde shuga wotsala m'matumbo amachita zomwe anachita feteleza wa achimwene aja, kukoka madzi kuchoka m'thupi kupita m'matumbo, kutsegula nkuwonjezeka. Juwisi wa m'mabokosi chimodzimodzi. Mchere mukachulutsanso ndi zoopsa kwa khanda. Muyezo womwe amaphunzitsa m'makiliniki a kuno ndi uwu: lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, masupuni a tiyi 8 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Lawani kaye, asawawe mchere kuposa misozi. Mukakhala ndi kandalama, ku famase ingonenani kuti ORS, ndi Thanzi yemweyo dzina lokha, ndipo ndi wabwino kuposa wopanga nokha chifukwa muli potaziyamu. Mwetsani pang'onopang'ono ndi supuni kapena kakapu, akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso, bere osasiya, phala osasiya, ndipo mufunse za zinc ku kiliniki. Mwana akakana kumwa, akamasanza chilichonse, akangoti lefu osadzuka bwino kapena mukaona magazi m'chimbudzi, musadikire kuche. Ameneyo ngwa diripi, ndipo diripi nayenso si madzi wamba, amaika mchere 0.9 peresenti kuti afanane ndi magazi, chifukwa madzi opanda kanthu atalowa mumtsempha maselo ofiira angamwe mpaka kuphulika.

FUNSO: Ndabwera ku Joni miyezi iwiri yapitayo kuchokera ku Nsanje. Masiku oyamba ndikakwera masitepe a pa flat ndimapuma wefuwefu pomwe kwathu ndimapalasa kabaza tsiku lonse. Anzanga akuti ndi utsi wa magalimoto. Ndidwala? Mnyamata wa ku Hillbrow

YANKHO: Utsi ulipo koma nkhani ndi phiri, mphwanga. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe ku Nsanje ndi kuchigwa kwenikweni, kotsika kuposa kwina konse m'Malawi. Okosijeni alibe pampu, amalowa m'magazi yekha podutsa tizikopa ta m'mapapo kuchoka komwe ali wambiri kupita komwe ali wochepa, diffusion imeneyo, nde kumtunda kuno mpweya ndi wopepuka, pa kupuma kulikonse mumakoka wocheperako ndipo kukankha kwake kumachepa. Thupi limazolowera pa masabata ochepa popanga maselo ofiira owonjezera. Nchifukwa chomwechonso nyemba zimachedwa kupsa kuno, madzi amawira pa madigiri 94 osati 100, ziviikeni usiku. Koma ngati mpaka pano wefuwefu sakutha, kapena pali chifuwa, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, kayezetseni TB, osanamizira phiri.

FUNSO: Aphunzitsi, ndili ndi zaka 52, anandipeza ndi shuga zaka zapitazo, ndakhala ndikumwa metformin koma pano andiwonjezera insulini yodzibaya. Ine jakisoni ndimaopa. Palibe insulini ya mapilisi? Komanso ine tiyi ndimamwa wopanda shuga koma ka mashini kakuonetsabe 14, shuga ameneyu akuchokera kuti? Ndipo nchifukwa chani ndimakodza usiku wonse? Bambo wa ku Turffontein

YANKHO: Bambo, mafunso atatu onsewa ndi abwino, ndiyambe ndi lachiwiri chifukwa yankho lake lili mu mbale yanu ya masana.

Zinthu zikuluzikulu zomwe zimapanga chamoyo zili m'magulu anayi, makabohaidireti, mapuloteni, mafuta, ndi gulu la DNA. Kupatula mafuta, zinazi ndi unyolo wautali wa tizidutswa tating'ono tolumikizana. Sitachi wa mu ufa ndi gulukosi yekhayekha, mazana ndi zikwi atagwirana. Satsekemera chifukwa lilime silimva unyolo, koma tafunani buledi nthawi yaitali osameza muone, amayamba kutsekemera, malovu ayamba kale kudula. Pofika m'matumbo zonse zaduka kukhala gulukosi mmodzimmodzi, chifukwa unyolo wathunthu sungadutse pa selo. Ndiye mitanda itatu ya pap ya ufa woyera wa m'mashopu muno, kuphatikiza buledi woyera theka m'mawa, ndi shuga wambiri kuposa masupuni awiri munasiya mu tiyi aja. Sindikuti siyani nsima, ndikudziwa simungandimvere. Chepetsani mitanda, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke, ndipo mukapeza mgaiwa kwa amayi ogulitsa katundu wa kumudzi tengani, uli ndi gaga. Gaga ndi masamba muli selulosi, amenenso ndi unyolo wa gulukosi koma wolumikizidwa mwina moti thupi la munthu silitha kuudula, nde amangodutsa nkumachedwetsa mnzake uja kulowa m'magazi.

Gulukosi akafika m'magazi ayenera kulowa m'maselo a minofu ndi a mafuta, koma mageti ake m'maselo amenewa amasungidwa mkati, satuluka mpaka insulini atagogoda. Pa matenda a shuga a akuluakulu maselo amayamba kugontha, insulini akugogoda iwo osayankha bwino, kenako kapamba amatopa nkumapanga wochepa. Shuga amangozungulira m'magazi maselo ali ndi njala, nchifukwa chake kufooka. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti minofu ikamagwira ntchito imatulutsa mageti aja olo insulini achepe, ndiye kuyenda ndawala mukatha kudya si zachibwana, ndi mankhwala.

Kukodza kuja ndi osmosis yomweyo. Impso zimasefa magazi nkubweza gulukosi yense m'thupi, koma akapitirira cha m'ma 10 pa ka mashini kanuko zimalephera kubweza yense, wotsalayo amapita mu mkodzo atakoka madzi. Pa 14 mudzuka ndithu, ndi ludzu lomwe.

Za mapilisi, pepani. Insulini ndi puloteni, unyolo wa tizidutswa 51 totchedwa ma amino acid, ndipo mimba yanu ntchito yake ndi kudula mapuloteni, siisankha kuti iyi ndi nyama ya mbuzi uyu ndi mankhwala. Mutameza angagayidwe asanafike kulikonse. Chiyambireni 1921 pomwe Banting ndi Best anamupatula ku Toronto, njira yodalirika ikadali kubaya pansi pa khungu. Masingano a masiku ano ndi aafupi komanso opyapyala, ambiri amati kubaya chala poyeza kuja nkomwe kumapweteka kuposa. Ndipo poti ndi puloteni, kutentha kumamuononga, monga choyera cha dzira chikaphikidwa sichibwereranso. Osamusiya pa windo kapena m'galimoto, osamuikanso mu freezer. Amene simunatsegule akhale mu filiji, amene mukugwiritsa ntchito amatha kukhala pamalo pozizira bwino m'nyumba pafupifupi mwezi, ndiye magetsi akathima maola angapo musataye mtima, ingosiyani filiji yotseka. Mufunsenso anesi zizindikiro za shuga wotsika, kunjenjemera, thukuta, chizungulire, ndipo muziyenda ndi maswiti m'thumba.

FUNSO: Musanditchule dzina chonde. Pali nkhani ya mwana yemwe akuti ndi wanga kumudzi koma masiku sakugwirizana. Ndamva kuti kuno amayeza DNA ndi kathonje mkamwa. Zoona malovu angaonetse bambo wa mwana? Ine ndimaona ngati magazi ndiye enieni, mwina akufuna kungondidyera ndalama. Wodandaula, Diepsloot

YANKHO: Achimwene, timati mwana ndi magazi anga koma chodabwitsa nchakuti maselo ofiira a magazi, omwe ndi ochuluka kwambiri m'magazimo, alibe DNA ndi pang'ono pomwe, amataya phata lawo, momwe mumakhala DNA, akamakhwima kuti anyamule okosijeni wambiri. Akayeza magazi amadalira maselo oyera. Kathonje kaja sikafuna malovu, kamapala maselo a mkati mwa tsaya, ndipo DNA ya m'tsaya ndi ya m'magazi ndi imodzi, ya munthu yemweyo. Ku labu amayamba ndi kuswa kachikopa ka selo ndi mankhwala a mtundu wa sopo, poti ndi ka mafuta kamasungunuka, DNA nkutuluka.

DNA nayo ndi unyolo, wa tizidutswa ta mitundu inayi yokha tomwe amatilemba A, T, G ndi C, ndipo ya m'selo limodzi mutaitambasula ingatalike pafupifupi mamita awiri. Ndondomeko ya zilembozi ndi imene imauza selo mapuloteni oti lipange. Mwana amatenga theka kwa mayi theka kwa bambo, makromozomu, timitolo ta DNA, 23 uku 23 uku, nde oyeza amayang'ana malo angapo odziwika pa unyolowo, pa malo aliwonse mwana ali ndi zizindikiro ziwiri, chimodzi chikapezeka kwa mayi chinacho chiyenera kupezeka kwa bambo. Zikasemphana malo ambiri ndiye kuti si inu. Zikagwirizana ponse, pepala limalemba 99.9 peresenti kapena kuposa, ndipo pamenepo palibenso zokambirana, yambani kutumiza ya sopo ndi ya sukulu.

Koma mwanayo ali kumudzi inu muli ku Diepsloot, nde dziwani kuti popanda kathonje ka mwanayo palibe chomwe angayeze, ndipo mwana wamng'ono satengedwa zoyeza mwakabisira, pamafunika chilolezo cha womulera. Zotumizirana kathonje pa basi sindikulimbikitsani, simudziwa kuti kapaka tsaya la ndani, ndipo khoti silingalandire zotere, limafuna zotengedwa pamaso pa ogwira ntchito ovomerezeka aliyense ataonetsa chiphaso. Yambani mwakhala pansi ndi ankhoswe kapena amalume a mbali zonse ziwiri, mugwirizane kuti mukayezetsa kuti ndipo alipira ndani, kenako Disembala mukapita mukachite zonse muli pamodzi.